Kamphira Kosaoneka

Padangokhala mayi wina wamasiye, Anabanda, yemwe ankakhala m'mudzi wina wa kufupi ndi Mkanda m'boma la Mchinji, kuja munthu ukaima pachulu madzulo umaona utsi wa m'midzi ya ku Zambia. Amuna awo pomwalira anawasiyira ana awiri, Limbani ndi mlongo wake Tadala, munda wa mtedza, komanso galimoto imodzi: Toyota Hilux yoyera, ija anthu amaitcha Vigo, yokoka ndi matayala onse anayi. Galimotoyo inali yokalamba, koma mudzi wonse unkayang'ana kwa iyo. Mayi woyembekezera matenda akamuyamba pakati pa usiku, inkathamangira naye kuchipatala ku Kapiri. Zovuta zikagwa, inkakatenga bokosi. Nyengo yokolola ikafika, inkatuta matumba a mtedza ndi soya mpaka ku Kamwendo, pamsewu wa tala wochokera ku Lilongwe.

Woyendetsa anali Limbani. Mnyamatayu galimoto ankaikonda ndithu. M'mawa uliwonse ankaitsuka mpaka kuyera mbee, matayala n'kuwapaka polishi. Likakhala tsiku la msika pa Mkanda ankaiimika poonekera, iye n'kutsamira chitseko, makiyi akuzunguza kuchala. Kunsi kwa galimotoko kokha ndiko sankasuzumirako. Ankati kumeneko n'kwa matope ndi amakanika.

M'mudzi momwemo munkakhala malume ake, a Banda, mlongo wawo wa Anabanda. Iwowa unyamata wawo wonse anathera pa malole, kudutsa pachipata cha Mwami, Chipata, Katete, Petauke, kutsika zitunda za ku Luangwa mpaka kukafika ku Lusaka. Tsopano maso anali atachita ng'ala, koma makutu anali akadali akuthwa. Galimoto ikamadutsa iwo ali pakhonde, ankatha kunena chomwe chikuivuta osaikhudza n'komwe.

Tsiku lina mu Epulo, mvula ikutsazika, a Banda anakwera nawo popita kuchigayo. Msewu unali utakumbika ndi madzi. Limbani atapotoza chiwongolero kuzemba dzenje, kunsi kunamveka kuti gu! Atabweza, kunamvekanso gu!

"Taima pamthunzi apo," anatero a Banda.

"Ndi mwala chabe, malume."

"Mwala sugogoda kawiri malo amodzi. Taima."

Anatsika, nayala thumba pansi, nagona chagada n'kulowa kunsi. Anauza Tadala kuti akhale pampando wa dalaivala azigwedeza chiwongolero uku ndi uku pang'onopang'ono. Anayamba kugwira mitu ya mathayilodi pafupi ndi matayala, napeza ili bwino. Kenaka anaika chikhatho pa chitsulo chopingasa chomwe chili pakati pa matayala akutsogolowo, naitana Limbani.

"Bwera udzagwire apa. Ukumva chiyani?"

"Chikusuntha."

"Ichi amakanika amati raki. Chiwongolero chako chili ndi mtengo wachitsulo wotsikira pansi pano. Kumapeto kwake kuli kagiya kakang'ono koluma mano a chitsulo chomwe chili m'kati mwa rakiyi. Ukapotoza, chitsulocho chimakankha mathayilodi, mathayilodi n'kukhotetsa matayala. Koma kuti zimenezi zitheke, rakiyo iyenera kukhala njii pa chasisi. Choigwira ndi mabawuti odutsa m'timphira iti, mabushi. Taona, tang'ambika, kwinaku tafufuma ngati phala. Oyilo wodontha kuchokera kumwambaku ndiye watidya, msewu wathu n'kudzamaliza. Tsono ukapotoza, imayamba kusuntha ndi raki yonse, matayala n'kumamva mochedwa. Lero akuchedwa pang'ono. Tsiku lina adzachedwa pamalo posafunika kuchedwa."

Madzulo a Banda anafotokozera mlongo wawo. Anabanda sanawiringule. Anakatenga ngongole ku banki m'khonde, naonjezera ndalama ya mbuzi imodzi, nazimanga pakansalu n'kupatsa mwana wawo.

"Ukagule zomwe anena malume ako. Galimoto iyi imanyamula anthu a eni."

M'mawa mwake Limbani anatsikira kuboma, nawoloka pa Mwami, nakafika ku Chipata dzuwa lisanafike pamutu. M'sitolo ya zipangizo za galimoto anamuonetsa mabushiwo. Anawatembenuza m'manja: timphira takuda, tosasangalatsa, tokwana m'thumba la malaya. Pakhoma la sitolo yomweyo panali nyali zazitali zomanga padenga la galimoto, zija zimasandutsa usiku kukhala masana, pambali pake pali sipika yaikulu. Mtima unayamba kumunong'oneza. Timphirati adzationa ndani? Koma nyalizi, Mkanda yense adzatembenuka. Anabweza mabushi aja pakauntala, nanyamula nyali ndi sipika.

Anafika kumudzi malume ake atapita kumaliro kumudzi wina, kokagona masiku atatu. Chakumadzulo, amayi ake ali kudimba, Limbani anakweza galimoto pajeke, natsamiritsa panjerwa ziwiri. Anatenga chubu chakale cha njinga n'kuchilezaleza ndi mpeni. Anamasula mabawuti a raki, nakulunga mphirazo mozungulira, kwinaku akukanikiza ndi sikuludalaiva m'mipata ya mabushi othawo. Pobwezera, bawuti imodzi inalowa mokhota. M'malo moitulutsa, anaikakamiza ndi sipanala mpaka inakana kupitirira, naisiya choncho. Potuluka kunsiko anapeza Tadala ataima ndi ndowa pamutu, akumuyang'ana.

"Achimwene, mabushi aja ndi amenewo?"

"Zachimuna izi sungazimvetse. Ukakangoyerekeza kuuza amayi, sudzakweranso galimoto iyi."

Amayi ake atafunsa za nyalizo, anayankha kuti ananenerera mtengo wa mabushi, ndipo ndalama yotsala ndi yomwe anagulira. Anabanda anakondwa poona kuti mwana wawo wayamba kuchenjera pa malonda.

Kwa masabata awiri kunsi kunali zii. Limbani ankayenda usiku nyali zili ngwee, nyimbo zikugunda, ana akuthamangira m'mbuyo. Sabata yachitatu, akupita kumsika, anamva gu! Anakweza sipika. Patapita masiku, akuchokera kutchalitchi, kunamvekanso gu! gu! Tadala anamuyang'ana, iye anayang'ana kumbali. Tsiku lina akudutsa pakhomo pa malume ake, nkhalambayo inakweza ndodo.

"Iwe Limbani, galimotoyo ikugogodabe. Unaika mabushi aja?"

"Ndinaika, malume. Atsopano amatero asanakhazikike."

A Banda anakhala chete kanthawi. "Ubwere nayo mawa ndidzaigwire."

Mawa lakelo Limbani analawirira tambala woyamba. Tsiku linalo anati ali ndi ulendo wa ku Kapiri. Anayamba kuzungulira njira ya kuseri kwa manda kuti asamadutse pakhomo pa malume ake.

Mu Juni amayi a kalabu ya m'mudzimo anamaliza kuswa mtedza wawo. Anali atalima wa mtundu wa CG7, naukumba pa nthawi yake, nauumitsa bwino, nausankha kamodzikamodzi pa malichero. Anadzaza matumba 18 a makilogalamu 50. M'matumba amenewo munali fizi ya ana, malata, ndi feteleza wa chaka chamawa. Anapangana ndi wogula wa ku Kamwendo, nalipira Limbani kuti awanyamulire. Amayi awiri anakwera pamwamba pa katundu, mmodzi mwa iwo Anaphiri, msungichuma wa kalabuyo.

Panjirapo pali kamtsinje kothira mu Rusa, kamene sikaphwa ngakhale m'chilimwe. Msewu umatsetsereka, n'kukhota mwadzidzidzi, kenaka n'kulowa pamlatho wa matabwa wongokwana galimoto imodzi. Limbani anali atadutsapo kosawerengeka. Tsiku limenelo, katundu akukankha kumbuyo, anapotoza chiwongolero pokhota paja, koma galimoto inangopitirira ngati sinamve. Anapotoza kwambiri. Kunsi kunamveka gu! wamkulu, matayala n'kukhota onse nthawi imodzi mopitirira muyeso. Pofuna kubweza, chiwongolero chinayamba chazungulira chopanda kanthu. Tayala lakutsogolo linaphonya thabwa, galimoto inapendekeka pang'onopang'ono, kenaka khuvuu m'madzi chammbali.

Mulungu anachita chifundo, palibe anamwalira. Koma Anaphiri anagwera pamwala nathyoka mkono, ndipo matumba asanu ndi awiri anamira. Anthu anathamanga kuchokera m'madimba. Galimoto yomwe inkawalitsa Mkanda yense inatulutsidwa ndi ng'ombe zinayi za pangolo, nyali zija zitasweka, sipika itamwa madzi.

A Banda anafika atawagwira dzanja Tadala. Sanakalipe. Anagwada m'matope, napisa dzanja kunsi, napapasa. Anasolola kachidutswa ka chubu cha njinga, konyowa ndi oyilo. Anapapasanso, napeza bawuti ija itamasuka moti inkazungulira ndi zala. Anaimirira, natenga dzanja la Limbani, naika kamphirako pachikhatho pake, n'kupinda zala zake. Anthu onse anaona. Anabanda anafunda chitenje kumutu n'kukhala pansi.

Amayi aja anayanika mtedza wonyowawo pamikeka, koma kunali kozizira, mitambo ili yekeyeke masiku atatu. Mtedza unagwira chuku. Wogula ataufukula anapukusa mutu, ndipo mlangizi wa zaulimi anawachenjeza kuti asasinjire nsinjiro ngakhale kudyetsa ana, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale mtedzawo ukazingidwe. Thukuta la miyezi isanu ndi umodzi linakwiriridwa kudzala.

Mlandu unapita kwa a nyakwawa. Monga mwini mbumba, a Banda ndiwo anakhala kutsogolo. Wina anafunsa ngati panalibe amene ankadziwa za chinyengocho, ndipo Tadala anayamba kulira. Apo m'pamene Limbani anaimirira, nagwada pakati pa bwalo.

"Mwanayu musamufunse, ndinachita kumuopseza. Ndalama anandipatsa amayi, ine ndinagulira nyali. Malume anandichenjeza, ine ndinawanamiza. Galimoto inandiuza katatu, ine ndinakweza nyimbo. Pepani nonse. Pepani, Anaphiri."

Anaphiri, mkono uli m'chikhakha, anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwanawe, ndinakubereka kumsana amako akudwala. Pamene unkakulunga chubu chija, sunadziwe kuti pamwamba pake padzakhala munthu?"

Limbani analibe poyankha. Bwalo linagamula kuti banjalo libweze mtedza wotayikawo ndi kulipira zakuchipatala, ndipo galimoto ikachira inyamule katundu wa kalabu chaka chathunthu popanda malipiro. Anabanda anapereka matumba a m'munda mwawo. Limbani anagulitsa foni ndi njinga yake.

"Pepani sapoletsa chilonda," anatero a Banda ali m'njira. "Chomwe unathawa chikukudikira pomwe unachisiya. Ukachigwira ndi manja ako, ine ndili pambali."

Anamutuma ku Lilongwe atamulembetsa nambala ya chasisi papepala, kuti asakagule zongofanana nazo. Anabwerako ndi mabushi, mabawuti atsopano m'malo mwa ija anaipotokola, thayilodi imodzi m'malo mwa yomwe inapindika pangozi, ndi kasilo koletsa oyilo kudontha. Kwa makanika wina wa paboma anabwereka sipanala yoyezera mphamvu yomangira, ndipo makanikayo anamuwerengera m'buku la galimotoyo muyeso wa bawuti iliyonse.

Loweruka m'mamawa anakankhira galimoto pabwalo losalala, panthaka youma gwa. A Banda anakhala pampando wa ndalema, ndodo ili pamiyendo.

"Yamba ndi moyo wako. Handibuleki, giya, miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Ukakweza, ika zitsa ziwiri pansi pa chasisi, uitsitsirepo, kenaka uigwedeze ndi mphamvu. Jeke ntchito yake n'kukweza basi. Njerwa zimaphwanyika osatsazika. Ndinaika m'manda mnzanga amene anakhulupirira jeke."

Limbani anachita zonsezo. Anawongola matayala, namanga chiwongolero ndi lamba kuti chisazungulire. Anamasula chitsulo chotchinga kunsi, nayamba kupala matope ouma ndi burashi ya waya mpaka mitu ya mabawuti inaonekera. Anathira mafuta ofewetsa dzimbiri, ndipo atafuna kuyamba kumasula, malume ake anamuletsa.

"Asiye amwe. Tiyeni timwe tiyi nafenso."

Atabwerera, mabawuti anamasuka mosavuta, kupatula yopotoka ija, yomwe inamudyera ola lathunthu ndi khungu la pachala. Bawuti iliyonse yomasulidwa ankaipereka kwa Tadala, yemwe ankawandanda pachiguduli motsatana, washa aliyense pambali pa bawuti yake. Kenaka anayamba kusuntha raki kuti mabushi aonekere.

"Pang'onopang'ono. Mapaipi a mafuta a chiwongolero ali pomwepo. Ukawakoka ngati ukuzula chinangwa, uwapinda, ndipo ntchito ya tsiku limodzi isanduka ya mwezi."

Zotsalira za mabushi akale zinali zitakakamira m'mabowo. Limbani anatambasula dzanja kufuna nyundo. A Banda anamva kulira kwa chitsulo nafunsa chomwe watenga.

"Bweza. Raki simenyedwa. Tenga bawuti yaitali, soketi yaikulu mbali imodzi, washa wokhuthala mbali inayo. Uzimanga nati, bushiyo izilowa yokha m'soketimo."

Limbani anamanga, namanga. Kwa kanthawi panalibe chochitika. Kenaka kunamveka kulira kwapansipansi, bushi n'kuyamba kusuntha, mpaka inagwera m'soketi. Anaitulutsa naiyang'ana: yong'ambika, yonunkha oyilo, zidutswa za chubu chake chija zikadali mommo. Anaiyang'ana nthawi yaitali osalankhula.

Anapukuta mabowo ndi sandipepa mpaka chala chinkayenda mosakodwa. Atatenga botolo la oyilo kuti apake bushi yatsopano ilowe msanga, a Banda anagogoda ndodo pansi.

"Chinapha anzakewo n'chiyani?"

"Oyilo, malume."

"Tsono ukufuna kuyamba kuipha isanagwire ntchito? Tadala, bweretsa madzi a sopo. Sopo amaterera lero, mawa wauma."

Ndi bawuti yaitali yomweyo anakokera mabushi atsopano m'malo mwake, akuonetsetsa kuti alowa mowongoka ndipo akhala mofanana mbali zonse. Pobwezera raki, malume anamuuza kuti alowetse mabawuti onse ndi zala poyamba, osamanga ngakhale imodzi mpaka onse atagwira mano bwinobwino.

"Bawuti ikakana zala, ikukuuza kuti yakhota. Ukaikakamiza ndi sipanala, waitseka pakamwa chabe."

Atalowa onse, anamanga mosinthanasinthana, kenaka n'kumaliza ndi sipanala yoyezera ija mpaka inalira kuti tha pa bawuti iliyonse. Anasintha thayilodi yopindika, naika kasilo pomwe pankadontha oyilo, natsuka malo onse kuti dontho latsopano lidzaoneke msanga. Dzuwa linali litapendeka pamene anatsitsa galimoto pazitsa. Tadala anakwera, nagwedeza chiwongolero. A Banda anagona pathumba paja, naika chikhatho pa raki. Inali njii. Matayala ankayankha nthawi yomweyo, ngati mwana womvera akaitanidwa.

"Yatha, malume?"

"Ayi. Wasintha thayilodi, ndiye kuti matayala sakuyang'ana kumodzi. Lolemba upite nayo kugalaja pang'onopang'ono, wopanda katundu, akaiyeze alayimenti, apo ayi idya matayala mbali imodzi. Ikatha sabata udzalowenso kunsi kuona ngati mabawuti akadali olimba. Kunsi kwa galimoto sikutsazikidwa."

Limbani anakhala pansi, nkhope yonse ili bii ndi gilizi. Anayang'ana galimoto ija. Kunja inali yoipa kuposa kale: chitseko chophwanyika, denga lopanda nyali, penti yokalika.

"Tsiku lonse lathera apa, koma munthu akaiona sangadziwe kuti tagwirapo ntchito."

"Adzadziwa pamlatho paja," anayankha a Banda. "Adzawoloka akucheza, osaganiza n'komwe za iwe. Malipiro a ntchito yabwino ndi amenewo."

Chaka chonsecho Limbani ananyamula katundu wa kalabu osalandira kanthu. Ulendo woyamba Anaphiri anakana kukwera, nayenda pansi. Ulendo wachiwiri anatsika asanafike pamlatho n'kuwoloka ndi miyendo. Ulendo wachitatu anakhala kutsogolo, ndipo pofika pamlatho paja anali akusinza. Kachidutswa ka chubu kaja Limbani anakamangirira ku makiyi, ndipo Loweruka lililonse, asanatenge ndowa yotsukira, ankayamba wayala thumba pansi n'kulowa kunsi. Anyamata a pa Mkanda akamamuseka kuti galimoto yake yasanduka nkhalamba, ankawaonetsa kamphirako n'kuwauza nkhani yonse osabisa kanthu.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zinthu zomwe zimagwira moyo wathu nthawi zambiri n'zazing'ono ndipo zimakhala kosaoneka: bawuti yomangidwa bwino, ndalama yofika komwe inatumidwa, mawu oona onenedwa kwa mayi ako. Munthu ukhoza kunamiza amako, malume ako ndi mudzi wonse, koma mlatho sungaunamize. Choncho inu amene mwapatsidwa ntchito yomwe palibe adzaione, igwireni ngati kuti pamwamba pake padzakhala amene anakuberekani kumsana. Ndipo kanthu kakagogoda kunsi, kaya n'kwa galimoto kaya n'kumtima, tsitsani nyimbo, imani pamthunzi, mugwade muone.